Matenda a Shuga: Kayezetseni Asanakupwetekeni

Abale ndi alongo, kuno ku Roma ndi kumidzi komwe, lero tikambirane za matenda a shuga. Nsima imene timadya imasanduka shuga m'magazi, ndipo insulini, yochokera m'kapamba, ndiyo imalowetsa shugayo m'minofu kuti tikhale ndi mphamvu. Insulini ikachepa kapena ikafooka, shuga amangodzazana m'magazi, n'kumawononga maso, impso, mtima ndi mapazi mwakachetechete.

Kodi mumamva ludzu losatha? Mumadzuka kangapo usiku kukataya madzi? Mukuonda chikhalirecho mukudya? Chilonda chapaphazi sichikupola? Musathamangire kunena kuti mwalodzedwa. Pitani kukiliniki, akakuboleni chala. Mukayezetsa musanadye, makina n'kuonetsa 7 kapena kupitirira, adokotala adzakuyezaninso kuti atsimikize. Ovutika kwambiri amatumizidwa ku UTH.

Kuyambira 1922 insulini yapulumutsa anthu ambirimbiri. Choncho amene muli pa mankhwala, pempheranibe, koma musawasiye chifukwa mwapemphereredwa. Chepetsani zakumwa zotsekemera, chulukitsani ndiwo zamasamba, yendani, ndipo yang'anani mapazi anu madzulo alionse. Sabata ino, tengani amayi kapena agogo anu mukayezetse limodzi.