Mbira ikayamba dazi

Lero tili kukhitchini, kumene ambiri timasungira mbira. Sindikunena mbira ya m'mapiri ija yoothera dzuwa pamiyala ayi, koma iyi yolira kwii-kwii ikamva kuti udzu wafika. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes ku South America, m'maiko ngati Peru, Bolivia ndi Ecuador. Ku Ulaya amaiweta ngati bwenzi la ana, pomwe ife kuno timawerengerapo ndiwo.

Ndiye mwadzuka m'mawa, mwapeza mbira yanu ili ndi chigamba chopanda ubweya. Musanathamangire mankhwala, khalani pansi muiyang'ane kaye. Kodi ikudzikanda kapena ayi? Nanga dazilo lili pati?

Ngati lili kumbuyo kwa makutu onse awiri, losalala bwino, mtima m'malo. Mbira iliyonse imabadwa choncho.

Koma ikamadzikanda mosapuma, khungu la pakhosi ndi pamapewa n'kuchita nkhanambo, amenewo ndi matenda a mphere. Amayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, kotchedwa Trixacarus caviae, kamene kamakumba m'kati mwa khungu. Kuyabwa kwake si kwamasewera. Mbira imadzikanda mpaka magazi, imasiya kudya, ina imagwa n'kumaphupha ngati yakhunyu mukangoigwira pamsana. Anthu amati yalodzedwa, chonsecho ndi ululu chabe. Mankhwala ake ndi ivermectin, ndipo mlingo wake aunene ndi alangizi a ziweto, chifukwa amatengera kulemera kwa mbirayo. Muzipatse zonse za m'khola, zinyalala zogonapo mutenthe. Nsabwe nazo zimayabwitsa, koma zija mumaziona zikuyenda mukapatula ubweya.

Chigamba chikakhala chozungulira, chotuwa, makamaka pamphuno, m'mbali mwa maso kapena pamakutu, chimenecho ndi chipere. Apa makolo tcherani khutu, chifukwa chipere cha mbira chimapatsira anthu, ndipo amene amanyamula mbira tsiku lonse ndi ana. Akaigwira azisamba m'manja ndi sopo.

Nanga ikakhala kuti sikudzikanda? Yambani mwayang'ana chakudya. Mbira ili ngati munthu, thupi lake silipanga lokha vitamini C. M'chilimwe udzu ukauma, ambiri timangoithira madeya basi. Pakapita milungu yochepa ubweya umayamba kuyoyoka, miyendo kutupa, nkhama kutuluka magazi. Kagwafa, masamba a kabichi, chisoso, bonongwe, tsiku ndi tsiku, zimakwanira.

Nthawi zina wometa ndi mnzake. Mbira zikapanikizana m'khola laling'ono popanda udzu wotafuna, yamphamvu imadya ubweya wa yofooka. Mudzazindikira chifukwa ubweyawo umakhala wodukaduka, khungu lili bwinobwino. Yaikazi imene yatsala pang'ono kuswa, paja bere lake limatenga masiku pafupifupi 65, imathothokanso ubweya m'nthiti, koma umameranso ikamaliza kuyamwitsa. Ikakhala yaikazi yokalamba, dazi lili mofanana mbali zonse ziwiri za mimba, kawirikawiri ndi zotupa m'matumba a mazira, ndipo zimenezo n'za dokotala wa ziweto.

Zinthu ziwiri ndikupempheni. Oili wakuda wa galimoto ndi dibi wa ng'ombe zisayandikire mbira, chifukwa imadzinyambita. Ndipo makapisozi a amoxicillin otsala m'nyumba aja musaipatse. Mankhwala a gulu la penicillin amapha tizilombo tothandiza m'matumbo mwake, mbira n'kutsekula m'mimba mpaka kufa.