Ngongole Ilibe Chipani: Mawu a pa Msonkhano Wathu wa Loweruka

Amene simunafike Loweruka, nawa mawu anga monga momwe ndinawayankhulira. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumize m'magulu anu.

Ine ndili ndi zaka 24. Digiri ndili nayo, ili m'sutikesi pansi pa bedi kwathu ku Ndirande. Zaka ziwiri tsopano ndikuyenda ndi envulopu ya khaki, ofesi iliyonse yankho ndi lomwelo: "Tikuimbirani." Pano ndimathandiza mayi anga kugulitsa kaunjika ku Limbe, ndipo za chuma ndazimvetsa bwino pabenchi pomwepo kuposa m'kalasi.

Belo la kaunjika limachokera kunja, limagulidwa ndi madola. Mafuta, feteleza ndi mankhwala chimodzimodzi. Mu Meyi 2022 kwacha anaitsitsa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 anaitsitsanso ndi 44 peresenti, patangotsala masiku ochepa kuti bungwe la IMF livomereze ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Pulogalamuyo inafera m'njira mu Meyi 2025, titangolandirako 35 miliyoni basi. Nanga mitengo inabwerera? Ayi. Mayi anga ankaoda mabelo awiri, lero amasonkherana ndi anzawo kuti apeze limodzi.

Mu Novembala 2023 momwemo, anzathu oposa 200 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ya ku Gaza ili mkati. Sindikuwanyoza ayi, nanenso ndinaganizapo zolembetsa. Koma tandiuzani, ndani mwa ife anaonapo zimene zinagwirizanidwa? Mnzathu akavulala kumeneko amuthandiza ndani? Akadyeredwa masuku pamutu akadandaula kuti? Anthu amavala masuti, kukwera ndege, kukasaina mapepala m'dzina lathu. Zithunzi timaziona pa Facebook, mapepalawo sitiwaona. Koma obweza ngongole ndife, ndipo tidzabwezabe osainawo atapuma kalekale.

Tsopano nkhani imene yativuta m'gulu muno. Sabata yatha kunabwera bwana wina wa chipani, sinditchula dzina. Akuti atipatsa lole, zokuzira mawu ndi kangachepe aliyense, bola tivale malaya awo pa mademo. Ena munati tilandire, njala yavuta. Ndikukumvetsani, nanenso m'thumba mulibe kanthu. Koma taganizani. Mu 2019 ndi 2020 achinyamata anadzaza misewu, anamwa utsi wokhetsa misozi, khoti linafafaniza chisankho pa 3 Febuluwale 2020. Tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Ine ndikuyendabe ndi envulopu. Pa 16 Sepitembala 2025 tavotanso, boma lasintha, ngongole ija ikadali pamutu pathu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Tikavala malaya a chipani, mawa adzangoti ndi makadeti a uje, n'kutaya kalata yathu m'bini. Pamzere wa mafuta safunsa kuti ndiwe wa MCP, DPP, UTM kapena UDF. Tonse timagona pomwepo.

Kuvota votani amene mukumufuna, ndi ufulu wanu. Koma gulu lino siligulitsidwa.

Ndiye tagwirizana izi. Lachinayi tikapereka makalata ku unduna wa zachuma, wa zamaubale ndi mayiko akunja, komanso wa zantchito. Tikupempha chinthu chimodzi: mapangano a ngongole ndi a ntchito zakunja aikidwe poyera, m'Chingerezi ndi m'zinenero zathu, kuti tidziwe takongola zingati, kwa ndani, tibweza liti. Si chisomo chimene tikupempha. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wodziwa, ndipo lamulo lake linayamba kugwira ntchito mu 2020. Gawo 38 limatilola kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida.

Kwa DC tadziwitsa kale. Osavala makaka a chipani chilichonse. Osagenda, osawotcha mateyala, osakhudza shopu kapena benchi ya munthu. Mavenda amenewo ndi makolo athu omwe. Pa 20 Julayi 2011 anthu anafa m'misewu yomweyi, sitikufuna maliro. Tenga madzi akumwa, tenga chiphaso chako, uuze wina kunyumba komwe wapita.

Amene muli ndi digiri, bwerani ndi fotokope yake. Tidzainyamula m'mwamba aione. Amene mulibe, bwerani ndi lisiti la zimene mwagula sabata ino.

Tionana Lachinayi, 8 koloko m'mawa.