Mpweya Wozizira wa Kumbuyo kwa Galimoto

Lero tikambirana za chipangizo chimene chimaziziritsa mpweya kumbuyo kwa galimoto zazitali zina, monga Toyota Hiace ndi Noah, zimene mumaziona pa msewu wa Los Angeles mu Kanyama. Amakaniko amachitcha evaporeta.

Inu mukudziwa kuti madzi a mumtsuko amazizira chifukwa chakuti chinyezi chotuluka m'dothi la mtsukowo chikamauma, chimapita ndi kutentha. Evaporeta nayo imatero. Kompresa ya pa injini imapanikiza gasi, kawirikawiri wotchedwa R-134a, ndipo gasiyo amasanduka wamadzimadzi akafika m'kondensa kutsogolo kwa galimoto. Kuchokera pamenepo amayenda m'paipi yaitali ya aluminiyamu yodzera kunsi kwa galimoto, nakalowa m'evaporeta ya kumbuyo kudzera pa kabowo kakang'ono ka valavu. Akangodutsa kabowoko kupanikizika kumachepa, ndipo amayamba kuwira ali wozizira, pakuti gasi ameneyu akakhala pamtetete amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro. Powirapo amayamwa kutentha kwa mpweya umene fani imauzira pa timasamba ta evaporeta, ndipo okwera kumbuyo amalandira kamphepo kayeziyezi.

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi: gasi satha monga amathera petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa msanga ndiye kuti pena pake pabooka. Mu Kanyama, malo a chigwa kumene madzi amasefukira nyengo ya dzinja, matope amamatirira pa mapaipi a kunsi aja, nawadya pang'onopang'ono, makamaka m'malo omangira. Munthu amene amathiritsa gasi mwezi wa Okutobala uliwonse osafunafuna pobooka, akutunga madzi ndi dengu. Choipa china nchakuti mafuta a kompresa amayenda pamodzi ndi gasi; akatayika, kompresa imauma ndi kufa, ndipo mtengo wake ndi waukulu.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba wayang'ana pamene panyowa mafuta, kenaka nkupopera nayitrojeni m'mapaipi ndi kupakapo madzi a sopo kuti aone potuluka thovu. Akakonza pobookapo ndi kusintha timphira ta m'malumikizo, amakoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu kwa theka la ola kapena kupitirira. Pomaliza amathira gasi pa sikelo, potsata magalamu olembedwa pa kachikwangwani ka galimotoyo, chifukwa galimoto ya maevaporeta awiri imafuna gasi wochuluka kuposa ya imodzi. Musalole kuti akuthirireni gasi wophikira, pakuti ameneyo amayaka moto.

Zina mungathe kuchita nokha. Mukadutsa m'matope, tsukani kunsi kwa galimoto. Onani ngati kapaipi kotayira madzi a evaporeta sikanatsekeke ndi fumbi. Kakatsekeka, madzi amadonthera m'kati ndipo mumamveka fungo la nkhungu. Yatsaninso mpweya wa kumbuyo kwa mphindi 10 sabata iliyonse, ngakhale m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kuti mafuta azizungulira ndi kuti timphira tisaume.

Choncho makaniko akadzakuuzani kuti gasi watha, mudzamufunse mwaulemu kuti, "Bambo, nanga watulukira pati?"