Khofi wa soya tizikazinga tokha pa phale



Nkhani yanga ndi ya khofi. Soya wathu timagulitsa motchipa kwa mavenda, ndalama yomweyo n'kukagulira khofi wam'chitini ku Insaca kapena ku Entre Lagos. Zoona zimenezi abale? Khofi weniweni amalimidwa kumapiri kozizira monga ku Mzuzu ndi ku Gorongosa, koma ife soya tili naye m'nyumba.

Sankhani soya wouma bwino, chotsani miyala ndi wowola. Ikani makapu awiri pa phale, moto ukhale wamakala, osati walawilawi. Takasani ndi mthiko osalekeza. Mukamva kuthetheka ngati mbuliwuli musaphule ayi, dikirani afiirire kwambiri. Koma asapserere, amawawa. Wosapsa bwinonso amatupitsa m'mimba.

Khuthulirani m'lichero azizire, fikisani ndi manja, petani makoko. Sinjani mumtondo, sefani, sungani m'botolo lotseka bwino. Supuni imodzi pa kapu ya madzi owira, kashuga pang'ono, basi. Ameneyu sathawitsa tulo, ndi ana omwe akhoza kumwa.

Tikamakumana sabata yamawa, aliyense abwere ndi wake tidzalawe.