Ulendo wa ku Luangwa: Madzi Otentha ndi Nyama za m'Cigwa

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'dziko la Chadiza

M'mabuku ambiri ophunzitsa za maiko muli cithunzi ca madzi otentha alikutumphuka m'nthaka ndi kukwera m'mwamba kuposa mtengo wa mgwalangwa. Mphunzitsi amaonetsa ana cithunzico, nawauza kuti cinthuco dzina lace ndi geyser, ndi kuti cipezeka ku Amereka ndi ku Iceland. Ana amalemba mauwo m'makope mwao, nawasunga kufikira tsiku la mayeso. Koma m'mtima amayesa kuti zozizwitsa zonse zili kutsidya kwa nyanja, ndi kuti kwao kuli cimanga, nshawa ndi mbuzi basi. Maganizo amenewa ayenera kucotsedwa, ndipo cowacotsera siciri patali. Ulendo wa tsiku limodzi pa galimoto kucokera ku Chadiza ufikitsa munthu pa kasupe wa madzi otentha, pakati pa nyama zimene alendo a ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti adzazione.

Njira yace

Munthu wonyamuka ku Chadiza m'mamawa ayamba walunjika ku Chipata, kumene kale kunachedwa Fort Jameson, mtunda wa makilomita ngati 80. Kucokera ku Chipata mseu utembenukira kumpoto cakumadzulo, nupitira ku Mambwe m'dziko la Mfumu Jumbe, nufika ku Mfuwe patapita makilomita ena ngati 130. Mphunzitsi wanzeru saodzera m'galimoto, pakuti phunziro liyambira pa mseu pomwepo. Chadiza ndi Chipata zili pamtunda, mamita ngati 1,000 pamwamba pa nyanja ya mcere, koma Mfuwe ili pansi, pa theka cabe la msinkhu umenewo. Potsika, mitengo ya mombo ndi misuku imanka nicepa, ndipo m'malo mwace muoneka tsanya, milambe ndi mibvunguti. Kamphepo ka kumtunda katsalira m'mbuyo, ndipo m'mwezi wa October kutentha kwa m'cigwa kupitirira madigiri 40.

Cigwa cimeneci sicinakumbidwa ndi mtsinje wokha ai. Kale lomwe nthaka inang'ambika m'mizere italiitali, ndipo mbali ina ya dziko inatitimira, monga zinacitika pa Nyanja ya Malawi ndi pa Nyanja ya Tanganyika. Mapiri a Muchinga, amene aoneka kumadzulo ngati linga, ndiwo mbali imene inatsala pamwamba. Tsono mtsinje wa Luangwa unapeza njira yokonzeka kale. Ucokera ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Malawi, nuyenda makilomita oposa 700 kukathira m'Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linachedwa Feira. Ming'alu ija ikalipobe pansi pa nthaka kufikira lero, ndipo ndiyo imabala akasupe otentha.

Kasupe wa Chichele

Malo osungiramo nyama a South Luangwa ndi akulu masikweya kilomita 9,050. Mbali yace yaikulu ili kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje, kumene munthu alowa pa ulalo wa ku Mfuwe. Koma kacigawo ka Nsefu kali tsidya lino la kum'mawa, kumpoto kwa Mfuwe, ndipo cipata cace cichedwa Milyoti. M'menemo, pakati pa cidikha, muli kasupe wa Chichele. Madzi ace atuluka otentha ndiponso a mcere, ndipo saphwa ngakhale m'mwezi umene timitsinje tonse tasanduka mcenga. Pamene madziwo afalikira nauma ndi dzuwa, patsala mcere woyera pa nthaka.

Funso loyamba la mwana lidzakhala ili: moto wotenthetsa madziwo ausonkha ndani? Yankho lace nlakuti m'kati mwa dziko ndi motentha. Munthu akatsika pansi kilomita imodzi, kutentha kuonjezeka ndi madigiri ngati 25 kapena 30. Abale amene anagwirako nchito m'migodi ya ku Mufulira ndi ku Nkana adziwa zimenezi ndi thukuta lao. Madzi a mvula alowa m'ming'alu ya miyala, natsika pang'onopang'ono kufikira pa miyala yotentha. Atatentha apepuka, nakwera msanga pa mng'alu wina asanazizire, ndipo m'njira asungunula mcere wa m'miyala. Akasupe a mtundu womwewu ali pa Chinyunyu m'mbali mwa mseu wa ku Lusaka, pa Kapishya kufupi ndi Shiwa Ng'andu, ndi ku Nkhotakota m'dziko la Malawi.

Kasupe wa Chichele satumphuka m'mwamba, ndipo mphunzitsi asalonjeze ana zimene sakaziona. Koma ataima pamenepo akhoza kulongosola za geyser mwa njira yomveka. Pafunika zinthu zitatu: madzi ambiri, miyala yotentha kopambana yokhala pafupi ndi pamwamba, ndi mpata wothina wodzera madziwo. Madzi a mumphika awira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja ya mcere, ndipo ku Chadiza, popeza nkokwera, awira asanafike pamenepo. Koma madzi opsinjika sawira msanga: okhala pansi pa madzi ena akuya mamita 10 afuna madigiri ngati 120. Cotero mu mpata wothina madzi a pansi atentha kopitirira, osawira, cifukwa ca kulemera kwa anzace a pamwamba. Tsono ena a pamwamba akasefukira kunja, kulemerako kucepa, ndipo a pansi asanduka nthunzi mwadzidzidzi, naponya madzi onse m'mwamba. Mpata udzalanso, ndipo nchito iyambanso monga poyamba.

Dzina loti geyser linacokera ku kasupe wa ku Iceland wochedwa Geysir. Ku Yellowstone m'dziko la Amereka, malo amene boma la kumeneko linawapatula mu 1872, kuli ngati theka la akasupe otumphuka a pa dziko lonse. Wochuka mwa iwo ndi Old Faithful, amene aponya madzi mamita 30 kufikira 55 m'mwamba, nabwereza patapita ngati ola limodzi ndi theka. M'Afrika muno aliko ku Nyanja ya Bogoria m'dziko la Kenya. Kusiyana kwace ndi Chichele nkwakuti kumeneko miyala yosungunuka ndi moto ili pafupi, pamene ku Luangwa madzi afunda ndi kutentha kwa pansi kokha, natuluka mwakacetecete. Ketulo yodzala madzi, yotseka bwino, yoikidwa pa moto waukulu kufikira ilabvula madzi pa mlomo pace, idzaonetsa ana a ku sukulu cimene cicitika pansi pa Old Faithful.

Nyama za m'cigwa

Madzi osaphwa ndi mcere ziitana nyama. M'cilimwe pa cidikha ca Chichele pasonkhana mbidzi, nswala, njiri ndi njati, ndiponso mazana a mbalame za miyendo itali zokhala ndi nthenga zonga udzu wagolide pamutu. Kumene kuli nyama zotere mkango sukhala patali. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Gulu limene liima cete ola lathunthu pa malo amodzi liona zambiri koposa limene lithamanga ndi galimoto tsiku lonse.

Ku mtsinje munthu apeza mvuu zothithikana m'maiwe, ndi ng'ona zoothera dzuwa pa mcenga. Mvuu ituluka usiku kukadya udzu, ndipo ndowe zace zidyetsa tizirombo ta m'madzi timene nsomba zidya. Njobvu ikhala ndi bere miyezi 22. Ikadya zipatso za mtondo kapena za mgwalangwa, ikataya mbeu zace kutali pamodzi ndi ndowe, ndipo mitengo yatsopano imera pamenepo. Nyamalikiti wa ku Luangwa, amene m'mabuku achedwa ndi dzina la Thornicroft, sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'cigwa cimeneci. Khosi lace, ngakhale nlalitali cotero, lili ndi mafupa asanu ndi awiri, monga khosi la mwana wa sukulu. Ndipo kashembe, amene aluma alendo napha ng'ombe, ndiye cifukwa cimodzi cimene Akunda a m'cigwa sanawete ng'ombe monga Acewa a ku Chadiza, ndi cimene msipu unatsalira nyama za kuthengo.

Zimene zinasungidwa ndi zimene zinatayika

Nyama izi sizinatsale zokha popanda wozisamala. Mu 1938 boma linapatula mbali zina za cigwa ca Luangwa kukhala malo oletsedwa kusakamo. Mu 1950 Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde mu 1912 namwalira mu 1997, anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule mbali ya dziko lace, kuti alendo azidza kudzaona nyama osazipha, ndipo ndalama zimene alipira zizipita kwa eni dziko. Msasa wa Nsefu unatsegulidwa mu 1951. Mu 1972 malowa, pamodzi ndi cigawo ca Nsefu, anakhazikitsidwa kukhala South Luangwa National Park. Ana ayenera kumva kuti mfumu ya m'cigawo cao ca Kum'mawa inali pakati pa oyamba kuona kuti njobvu yamoyo ikhoza kupindulitsa anthu caka ndi caka, pamene yakufa ipindulitsa kamodzi.

Koma pali nyama imodzi imene mphunzitsi sadzaiona ku South Luangwa, ngakhale adekhe cotani. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 m'cigwa ca Luangwa munali zipembere zikwi zingapo ndi njobvu ngati 100,000. Pambuyo pace anadza akupha nyama mobisa, ofuna nyanga ndi minyanga yogulitsa kunja. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njobvu zotsala sizinakwane ndi theka lomwe, ndipo mu 1989 maiko anapangana kuletsa malonda a minyanga pakati pao. Njobvu zinayamba kubwerera, koma cipembere ai. Mu 1998 kunalengezedwa kuti cipembere cakuda catha m'Zambia monse. Mu 2003 anatenga zisanu ku South Africa nakaziika ku North Luangwa, kumene azilonda usana ndi usiku. Zonsezi zinacitika m'moyo wa munthu mmodzi. Madzi akatayika saoleka. Dzina la cipembere likali m'miyambi ndi m'nthano, koma ana ambiri amene alichula sadzaciona ndi maso.

Mphunzitsi anenenso mbali inayo ya nkhani, kuti ana asamuyese wonama. M'midzi ya kwa Kakumbi, kwa Nsefu ndi kwa Mnkhanya njobvu zilowa m'minda usiku, nizitha cimanga ca caka conse, nizipasula nkhokwe; ng'ona ndi mvuu zipha asodzi ndi otunga madzi. Alimi ena ocha tsabola wosakaniza ndi ndowe za njobvu kuti utsi wace uziingitse. Amene asenza katundu wa kusunga nyama ndiwo anthu a m'midzi imeneyi, ndipo mlendo wocokera kumtunda ayenera kumva mau ao ndi ulemu asanayambe kuwaphunzitsa.

Makonzedwe a ulendo

Nyengo yabwino ndi cilimwe, kuyambira June kufikira October, pakuti m'dzinja njira za ku Nsefu zisanduka matope ndipo galimoto silipita. Chuti ca mwezi wa August cigwirizana bwino ndi nchitoyi. Aphunzitsi a masukulu oyandikana akhoza kusonkha ndalama za galimoto limodzi lolimba, natenga ufa, ndiwo, madzi akumwa ndi maneti a udzudzu. Pa cipata mbadwa za m'Zambia zilipira zocepa koposa alendo a kunja. Cifukwa cace yense atenge citupa cace. Zobvala zakuda ndi za buluu zisiyidwe ku nyumba, popeza zikoka kashembe. M'kati mwa malowo munthu asatsike m'galimoto popanda cilolezo ca mlonda wa nyama, asaime pakati pa mvuu ndi madzi, ndipo asayandikire njobvu yokhala ndi mwana.

Ana onse sangathe kupita, ndalama sizilola. Koma mphunzitsi mmodzi amene apita abwera ndi maso a ana 50, kapena oposa, caka ciliconse kufikira tsiku lace lopuma nchito. Cifukwa cace atenge kope ndi pensulo, alembe maina a mitengo monga aichula Akunda, ajambule phazi la mvuu pa matope, nayese ukulu wace ndi dzanja. Pobwera ajambule pa bolodi mapu a njira yonse, kuyambira pa khomo la sukulu kufikira pa kasupe. Aike madzi a mcere m'mbale pa dzuwa, kuti ana aone okha cimene citsala. Atume ana akafunse agogo ao nyama zimene zinali m'mapiri a ku Chadiza pa ubwana wao, ndi caka cimene anaziona kotsiriza. Maina amenewo alembedwe, napacikidwe pa khoma la sukulu. Mwana amene wawerenga mndandanda wotere sadzafuna munthu womuuza cifukwa cace nyama za ku Luangwa zilondedwa.