Thewera Losoka Pakhomo ndi Moyo wa Khanda

Nkhani ya lero ikukhudza kansalu kamene anthu sakonda kukatchula pagulu, koma kamene kamakhala pathupi pa mwana usana ndi usiku, kuyambira tsiku lobadwa kufikira atayamba kudzithandiza yekha. Kansaluko ndi thewera. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Banja limene lalandira mphatso ya mwana lalandiranso ntchito yosintha, kuchapa ndi kuyanika matewera, ndipo ntchito imeneyi ikagwiridwa mwaulesi, wovutika ndi khanda limene silingathe kunena pamene pakupweteka.

Khanda la masabata oyambirira limafuna kusinthidwa maulendo 8 kufikira 12 pa tsiku. Likamakula maulendowo amachepa, komabe ngakhale munthu atawerengera maulendo 6 okha pa tsiku, chaka chimodzi chimafuna kusintha maulendo 2,190. Banja limene limadalira matewera ogula, ovala kamodzi n'kutaya, liyenera kutulutsa ndalama pa ulendo uliwonse mwa maulendo amenewa. Matewera otayawa ndi a dzulodzulo. Ku America, mayi wina dzina lake Marion Donovan adasoka kabudula wosalowa madzi wovala pamwamba pa thewera m'chaka cha 1946, ndipo matewera a Pampers adayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1961. Ubwino wake ulipo, makamaka paulendo kapena pamene mayi wagonekedwa m'chipatala. Koma ndalama zikachepa, mayi amayamba kuchedwetsa kusintha mwana pofuna kuti paketi ikhalitse, ndipo mwana amaswera m'chinyontho. Chinanso n'chakuti thewera lotaya lili ndi pulasitiki amene saola msanga. Likaponyedwa m'chimbudzi chokumba limachidzazitsa, likatayidwa kudzala agalu ndi nkhumba amalimwaza pabwalo, ndipo likagwera mu ngalande limatseka njira ya madzi. Thewera lansalu limasokedwa kamodzi, limachapidwa kambirimbiri, ndipo likasamalidwa bwino limadikira mng'ono wake wa mwanayo.

Ntchito imayambira pa kusankha nsalu. Nsalu yoyenera ndi ya thonje, thonje lomwe lija limalimidwa ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka ndi ku Salima, chifukwa thonje limamwa madzi, limalola mpweya kufika pakhungu, ndiponso silionongeka ndi madzi otentha kapena simbi. Nsalu ya thaulo ndiyo imamwa madzi koposa zonse. Nsalu zofunda za thonje zimene zatha pakati koma m'mbali zikadali zolimba, mathaulo a pa kaunjika, ndi zitenje zakale zimene zafewa ndi kuchapa, zonsezi zimathandiza. Chitenje chatsopano sichiyenera, popeza chimakhala chouma ndi mankhwala a kufakitale ndipo madzi amangotsetsereka pamwamba pake.

Masiku ano nsalu zambiri za pamsika zili ndi ulusi wa pulasitiki ngakhale zimaoneka ngati thonje. Pali njira ziwiri zozizindikirira. Yoyamba ndiyo kudonthezera madzi pansalupo: thonje lochapidwa limamwa dontholo nthawi yomweyo, pamene nsalu ya pulasitiki imalisiya litakhala pamwamba ngati mkanda. Yachiwiri ndiyo kudula kachidutswa ndi kukayatsa panja, patali ndi ana. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, koma pulasitiki amasungunuka n'kusiya kanthu kolimba. Nsalu yoyera kapena yosawala mitundu ndiyo yabwino, chifukwa mayi amaona msanga mtundu wa mkodzo ndi chimbudzi cha mwana. Nsalu iliyonse, yatsopano kapena ya pa kaunjika, iyenera kuchapidwa ndi madzi otentha ndi kuumitsidwa isanadulidwe. Thonje limafupika likachapidwa koyamba, ndipo wodula asanachape amapeza kuti thewera lake lachepa.

Thewera losavuta kusoka ndi la ngodya zinayi, lofanana mbali zonse, la masentimita 60 m'litali ndi 60 m'lifupi. Podula, wosoka aonjezere masentimita 2 mbali iliyonse kuti apeze popinda. Chitenje chakale cha mamita 2 chimatulutsa matewera 3, ndipo m'mbali mumatsala nsalu yaitali imene ili ndi ntchito yake. Amene alibe tepi yoyezera angathe kubwereka thewera la mnzake n'kulembereza pa pepala lolimba, ndipo pepalalo likhala muyeso wa matewera onse.

M'mphepete mwa nsalu muyenera kupindidwa kawiri, mopyapyala, n'kusokedwa, kuti ulusi usamathothoke pochapa. Mpendero wake ukhale wosalala, chifukwa msoko wokhuthala umakhula ntchafu za mwana ndiponso umachedwa kuuma. Nsalu ya thaulo, popeza ndi yokhuthala kale, siipindidwa kawiri. Wosoka amangokulunga ulusi m'mphepete mwake moyandikanitsa. Wosoka pamanja alase singano pafupipafupi, akubwerera m'mbuyo pang'ono pa kulasa kulikonse, ndipo alimbitse pa ngodya, popeza m'pamene pamayambira kumasuka. Mfundo zonse za ulusi zikhale kunja. Amene ali ndi makina, kapena angathe kupita kwa telala wa pakhonde la sitolo, adzamaliza matewera khumi ndi awiri tsiku limodzi.

Nsalu yotsala ija ndiyo yopangira kamtsamiro ka pakati. Wosoka adule zidutswa za masentimita 30 m'litali ndi 12 m'lifupi, azisanjikize zitatu kapena zinayi, azisoke kuzungulira ndiponso mizere iwiri pakati kuti zisamakwinyike. Kamtsamiroka kamaikidwa m'kati mwa thewera, pamene mkodzo umafikira. Ena amakasokerera kuthewera, koma nzeru yabwino ndiyo kukasiya pakokha, chifukwa nsalu yosanjikiza kwambiri imavuta kuyera ndiponso siiuma msanga m'nyengo ya dzinja. Amene akuopa mapini angathe kusokerera tizingwe tiwiri tansalu, tatifupi ndi tophwatalala, pa ngodya ziwiri, tomangira patsogolo. Mabatani ndi mikanda sizifunika pa thewera, popeza zikathothoka mwana angazimeze.

Matewera 20 kufikira 24 amakwanira banja limene limachapa tsiku ndi tsiku: ena ali pathupi, ena ali m'ndowa, ena ali pachingwe. Mwana wobadwa m'miyezi ya mvula amafuna ochulukirapo. Alipo ena amene amaopa kusokeratu zovala za mwana asanabadwe, ati kutero n'kuputa tsoka. Koma azamba ndi anamwino a ku sikelo ya amayi oyembekezera amalangiza kukonzekeratu, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: mayi amene ali m'chikuta alibe mphamvu kapena nthawi yogwira singano. Kusoka matewera awiri pa sabata kuyambira mwezi wachisanu ndi chimodzi kumakwaniritsa chiwerengero chonse tsiku lisanafike. Agogo, apongozi ndi alamu angathe kugawana ntchitoyi.

Kuvalika kwake kuli motere. Thewera lipindidwe pakati, ngodya ina kukumana ndi inzake, kuti likhale la ngodya zitatu. Kwa khanda laling'ono lipindidwenso kachiwiri. Kamtsamiro kaikidwe pakati. Mwana agonekedwe chagada, chiuno chake chili pa mbali yaitali ija. Ngodya yapansi ikwezedwe pakati pa miyendo, ziwiri za m'mbali zibwere pamimba, ndipo zonse zitatu zigwidwe ndi pini yotseka, imene Walter Hunt wa ku New York adaipanga m'chaka cha 1849. Polasa pini, wovalika aike zala zake ziwiri pakati pa nsalu ndi mimba ya mwana kuti ikaphonya ibaye iyeyo, ndipo piniyo igone chopingasa. Thewera likhale lolola chala kulowa m'chiuno, ndipo miyendo ya mwana ikhale yomasuka kupindika ndi kutambasuka. Mchombo usanagwe, zimene zimachitika kawirikawiri m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, thewera lipindidwire pansi pake kuti mkodzo usafike pabalapo. Kabudula wa pulasitiki amateteza chitenje cha mayi paulendo ndi kutchalitchi, koma amasunga kutentha ndi chinyontho, choncho mwana asamaswere naye pakhomo.

Tsono kusoka ndi gawo laling'ono chabe. Gawo lalikulu, limene limasiyanitsa thewera loteteza ndi thewera lodwalitsa, ndi kuchapa. Anthu ambiri amaganiza kuti chimbudzi cha khanda n'chosaopsa popeza khandalo limangoyamwa. Maganizo amenewa ndi olakwika. M'chimbudzi cha mwana mumakhala tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, ndipo tizilomboto timayenda pa manja, pa ntchentche ndi m'madzi kufikira m'kamwa mwa ana ena. Chifukwa cha ichi, chimbudzi cha pathewera chiyenera kutayidwa m'chimbudzi chokumba, ndipo madzi otsukira oyamba athiridwenso momwemo. Thewera lakuda liikidwe m'ndowa yakeyake yovundikira, yosatungira madzi akumwa, ndipo lisagone masiku awiri. Matewera asachapidwe pa mjigo, pa chitsime kapena mumtsinje, pamene ena akutunga madzi chakumunsi. Achapidwe pakhomo ndi sopo ndi madzi otentha, atsukuluzidwe kufikira thovu litatheratu, pakuti sopo wotsalira m'nsalu amayabwa khungu la mwana. Mwana akamatsegula m'mimba kapena akakhala ndi zilonda, matewera awiritsidwe m'chitini chake chapadera. Wosintha mwana ndiponso wochapa asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya kapena kuyamwitsa.

Poyanika pali ngozi ina imene amayi a kumadera otentha amaidziwa bwino, ndiyo mphutsi. Pali mtundu wa ntchentche umene umaikira mazira pa dothi la pamthunzi lonunkha mkodzo, kapena pa nsalu yonyowa. Mazirawo amaswa pakapita tsiku limodzi kufikira atatu, ndipo timphutsi take timaboola khungu n'kukhala m'katimo. Pamalopo pamatuluka chotupa chonga chithupsa, chokhala ndi kabowo pakati, ndipo mwana amalira usiku wonse. Thewera loyanikidwa pa udzu, pa mchenga kapena pa mpanda wa pamthunzi ndilo limaitana ntchentche imeneyi. Matewera ayanikidwe pa chingwe, padzuwa lenileni, popeza dzuwa limayeretsa nsalu ndi kupha tizilombo tambiri. Akauma asitidwe ndi simbi yotentha mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko ndi m'mipendero, mmene mazira amabisala. Simbi yamakala imagwira ntchito imeneyi mofanana ndi yamagetsi. Mwana amene mphutsi yamulowa kale apite naye kuchipatala, osam'boola ndi singano kapena minga.

Vuto lina lofala ndi lija amati mwana wapsa ndi mkodzo. Khungu likakhalitsa m'chinyontho limafewa, ndipo mkodzo ukasakanikirana ndi chimbudzi umalidya kufikira litafiira ndi kusupuka. Mankhwala ake oyamba ndi kusintha mwana msanga, kumutsuka ndi madzi ofunda, kumupukuta mosisita pang'ono osakhula, ndi kumusiya wopanda thewera kwa kanthawi kuti apitidwe mphepo. Mwana wamkazi atsukidwe kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mafuta a Vaseline opakidwa mopyapyala amatchinga khungu. Paudala safunika, popeza fumbi lake limalowa m'mapapo a khanda. Kufiirako kukapitirira masiku atatu, kukalowa m'makwinya a ntchafu, kapena pakatuluka matuza ndi mafinya, mwana aonedwe ndi achipatala.

Thewera lansalu lilinso ndi ubwino wina umene ambiri saulingalira: limauza mayi za moyo wa mwana wake. M'masiku awiri oyamba khanda limachita chimbudzi chakuda chomata, ndipo zimenezi n'zachibadwa. Pambuyo pake chimasanduka chachikasu. Kuyambira tsiku lachisanu, khanda limene likuyamwa mokwanira limanyowetsa matewera 6 kapena kuposapo pa tsiku, ndipo mkodzo wake umakhala woyera. Matewera akamakhala ouma nthawi yaitali, mkodzo uli wochepa ndi wachikasu kwambiri, liwombo litalowa m'kati, ndiye kuti madzi achepa m'thupi, ndipo mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo uku akuyamwitsidwa panjira. Magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chotuwa ngati phulusa, ndi zizindikiro zina zosayenera kudikira tsiku la sikelo. Mayi amene amachapa yekha amaona zonsezi msanga.

Potsiriza, mawu apite kwa abambo. Ntchito ya matewera imafuna madzi ambiri, nkhuni, makala a simbi, sopo ndi chingwe choyanikira, ndipo mayi amene wangochira kumene sangathe kusenza zonsezi yekha. Bambo amene amanyamula zigubu za madzi pa njinga, kumanga chingwe pamalo a dzuwa, ndi kusita matewera madzulo, akuteteza mwana wake mofanana ndi amene wagula mankhwala. Atelala ambiri a m'misika ndi amuna, choncho singano si yachilendo m'manja mwa mwamuna. M'mera m'poyamba. Banja limene likuyembekezera mwana liyambe sabata ino kusonkhanitsa nsalu za thonje, kuzichapa ndi kuzidula, kuti tsiku lotuluka m'chipatala likadzafika, matewera adzakhale ali opindidwa kale m'dengu, ouma ndi ositidwa.