MUNDA WA SUKULU UPHUNZITSE ANA MBIRI YA DZIKO LAPANSI

Mau awa ndi a makolo ndi aphunzitsi a ku midzi. Ana ambiri amayesa kuti mbiri ya anthu imapezeka m'mabuku mokha, koma mphunzitsi wanzeru angathe kuiphunzitsa ataimirira m'munda wa sukulu.

Ayambe ndi cimanga. Mbeu imeneyi inayamba kulimidwa ku Mexico zaka ngati 9,000 zapitazo. Columbus atafika ku America m'caka ca 1492, zombo zinayamba kuoloka nyanja, ndipo Apwitikizi anadza naco cimanga ku magombe a Africa. Cinangwa, nshawa, kandolo ndi fodya zinacokeranso ku America. Makolo akale anali kudya nsima ya mapira ndi mawere, ndiwo zace khobwe ndi nzama, pakuti zimenezi ndizo mbeu za mu Africa muno. Mwana akamva zotere adzazindikira kuti mitundu ya anthu inayamba kalekale kupatsana zinthu.

Koma njira yodzera zabwino ndi yomweyo yodzera mabvuto. Mbozi yatsopano yoononga cimanga, yocokera ku America, inaoneka m'Zambia kumapeto kwa caka ca 2016. M'caka ca 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa feteleza, cifukwa Russia amagulitsa feteleza wambiri ku maiko ena. Ndiponso madzi a m'nyanja ya Pacific atafunda, mvula inasowa kuno, kotero kuti pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Mahekitala a cimanga pafupifupi 1 miliyoni anapsa, madzi a ku Kariba anacepa, ndipo magetsi anabvuta. Zonsezi zinayambira kutali, koma zinafika m'nkhokwe ya mlimi.

Nanga mwana acitenji ndi nzeru zimenezi? M'caka ca 2015 maiko a United Nations anapangana zolinga 17 za citukuko, zoti zikwaniridwe pofika 2030. Mutu wace ndi wakuti anthu a lero adye ndi kukhuta, koma asaphe nthaka, madzi ndi mitengo zimene adzukulu adzazifuna. Mwana angathe kuphunzira zimenezi ndi khasu m'manja.

Munda wa sukulu ugawidwe zigawo. Pamene panali cimanga caka catha pabzalidwe nshawa kapena khobwe, pakuti mizu yace imabwezera cakudya m'nthaka. Cigawo cimodzi cikhale ca mapira, kuti ana aone okha mbeu imene ipirira dzuwa. Mapesi asatenthedwe, koma aphimbe nthaka kuti isunge cinyezi. Ana abzalenso mitengo ya msangu, imene imayoyola masamba m'nyengo ya mvula, nilemeretsa nthaka osacita mthunzi pa mbeu. Mlungu uli wonse ayendere cimanga, nayang'ane m'kati mwa nsonga ngati muli mbozi.

Makolo nawonso ali ndi gawo lao. Agogo amene akumbukira kasungidwe ka mbeu ya mapira ndi mawere aitanidwe ku sukulu kuti afotokoze, ndipo mlangizi wa zaulimi apemphedwe kudzaona mundawo. Akulu anati mmera mpoyamba. Mwana wodziwa kumene cimanga cinacokera, ndi cimene cimakweza mtengo wa feteleza, sadzaika moyo wa banja lace pa mbeu imodzi yokha.